Kanjedza wa mu Mgolo

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Miyendo ija inaleka kutupa?

Ndine Marita. Kuno ku Kalingalinga, mu Lusaka, tilipo ndithu. Mvula yayamba bwino, ndipo denga la kuchipinda kwanu likudontha pamalo omwe aja, ndiye beseni lanu lobiriwira silinapume pantchito. Papita chaka ndi miyezi inayi chikuikireni kumanda a ku Chingwere. Kalata ino ndayiyamba katatu. Ziwiri zoyambazo ndinayatsira mbaula, chifukwa munali nkhani zonse kupatula imene ndinakhalira pansi kuti ndilembe, ya kanjedza wanu wa mu mgolo. Ndiyifika. Koma munkati mlendo sumuuza mlandu asanamwe madzi, choncho yambani mwamwa madzi.

Muli ndi mdzukulu watsopano. Febe, mkazi wa mlongo wanga Dominiko, amene munamusiya atangolowa kumene m'banja, anachira mu Ogasiti, mwana wamkazi. Tinamupatsa dzina lanu, Sesiliya, kenako tinazindikira kuti palibe amene angathe kulitchula. Ndani m'nyumba muno anayamba wakuitananipo ndi dzina? Ndiye tonse timangomutcha Amayi. Amayi adzuka, Amayi akana bere, Amayi akufuna kumsana. Dzulo mlongo wangayo anatuluka panja atagwira malaya ake ndi zala ziwiri, akuti, "Ba sisi, onani, amai banikodzela futi." Ndinamuuza kuti akhale chete, mukungobweza; iye anakukodzerani zaka ziwiri zathunthu. Mwanayo anatenga mphumi yanu, ndi kayang'anidwe kanu kaja ka munthu amene wamva bodza koma sakufuna kuchititsa manyazi mwini wake.

Kamunda ka kudambo tinalima ngati kale. Chimanga chinabereka. Akuba anakolola theka chikadali chachiwisi, ife tinakolola theka chitauma, ndipo ndinganene kuti tinagawana mwachilungamo ngakhale sitinakhalepo pansi kukambirana. Maungu okha sanawakhudze. Aja a khungu lokhakhala, amene mbewu zake munkasunga m'botolo la mankhwala, anabereka mpaka tinagawirako anansi.

Za ntchito palibe chasintha. Kampani ija ya boma, imene Atate anakalambirako ndipo ine ndinkataipako makalata, eni ake atsopano anapenta chipata, basi. Sanaitane munthu. Ine ndili pamsika ku Mtendere, ndikugulitsa salaula, zovala za kaunjika. Sukulu yanga yonse ya sekondale imandithandiza kuwerenga tizilembo ta pakhosi pa malaya, ndiye ndimatha kuuza wogula dziko limene mwini wake woyamba anatulutsira thukuta. Dominiko akuwotcherera zitsulo ndi anzake m'mbali mwa msewu. Masiku ano aliyense akuopa mnzake, choncho zitsulo za m'mawindo zikuyenda malonda. Sitikugona ndi njala.

Madzi mwamwa. Tsopano mlandu.

Ndiyambe ndi zimene mukudziwa kale, kuti muone kuti sindinaiwale. Ndinali giredi faivi pamene munapita kwathu ku Dedza kukaika agogo, n'kubwerako ndi kamphukira ka kanjedza kochokera kumtsinje wa kumudzi, kokulungidwa m'chiguduli chonyowa. Munakafungatira pamiyendo masiku awiri m'basi. Pamalire atakufunsani munati ndi tsache. Kanayamba m'chitini cha mafuta ophikira, kenako m'ndowa yobooka, mpaka Atate anabweretsa theka la mgolo kuchokera kuntchito, n'kuliika pakona ya khonde. Ndikukumbuka akupukuta manja akuti, "Amake Marita, mtengo umafuna nthaka. Bwanji osangoubzala pansi?" Inu munati, "Ndibzale pansi pa eni ake? Nanga tsiku lobwerera kwathu ndidzauzula bwanji? Mtengo wa mlendo umakhala m'chitini." Zonse zanu zinali choncho. Mbale zabwino zinakhala m'katoni kunsi kwa bedi, zokulungidwa m'nyuzipepala, kudikira ulendo. Munakhala mu Lusaka zaka zoposa makumi atatu, koma mukamayankhula zinkamveka ngati basi yangochedwa pang'ono.

Malamulo anu a kanjedza ndinkawadziwa kuposa katekisimu. Nthambi yobiriwira sidulidwa, chifukwa ndiyo ikumuphikira. Yachikasu sidulidwanso, ngakhale ionekere moipa bwanji. "Ikutsanzika imeneyo," munkatero. "Ikusiyira ana ake chakudya. Munthu akamatsanzika sumukankha." Youma yokha, ikafiira yonse n'kulendewera, ndiyo munkadula, ndi mpeni wonola bwino, osang'amba, kusiya kachitsa kotalika ngati chala. Ndiponso osati m'nyengo yozizira, pamene bala limachedwa kupola. Munkadikira kutentha kapena mvula yoyamba. Pakati paja, potulukira nsonga yatsopano yosongoka ngati mkondo, munkati ndi pamtima. Mango ali ndi mitima yambiri, ukadula apa aphukira apo, koma kanjedza ali ndi umodzi ngati munthu. Lamulo munkaliswa kamodzi pachaka, Loweruka loti mawa ndi Lamulungu la Kanjedza. Munkadula nthambi imodzi yobiriwira, yam'munsi kwenikweni, nokha ndi dzanja lanu, mukunena kuti pepa. Imeneyo inkapita kuguwa, ife ana mutatithothorerako kasamba kamodzikamodzi. Mpingo wonse unkanyamula nthambi zobwera pa lole ya kampani, imene abwana ankabwereketsa kuti ikadule kumtsinje cha ku Chongwe.

Lole yomweyo ndiyo inanyamula Atate kupita nawo ku Dedza atamwalira. Ndiye inu mutadwala, tsiku lija ndinkakusisitani mapazi pakhonde, simunaone chovuta kunena kuti, "Lole ikadzabwera kudzanditenga, kanjedza akwere nane. Mukamubzale kumutu kwanga, pafupi ndi atate anu." Ndinavomera. Sindinakuuzeni kuti lole inagulitsidwa limodzi ndi kampani, kapena munkadziwa koma simunafune kundichititsa manyazi. Tinayendayenda ine ndi Dominiko, tinagogoda zitseko, koma ulendo wa ku Dedza unatikanika. Tinakuikani kuno, pakati pa anthu amene simunawapatsepo moni. Pobwera kumanda ndinaima pafupi ndi mgolo uja n'kulumbira mumtima kuti chimodzi ndalephera, koma chinachi sindilephera. Kanjedza ndimusunga wamoyo mpaka tsiku limene ndidzathe kumunyamula kupita naye kwanu, ndi dothi pang'ono la pamanda anu. Miyezi isanu ndi itatu ndinamusamala bwino. Madzi otsukira mpunga anali ake, a sopo ayi. Anali ndi nthambi khumi ndi zinayi, ndinkaziwerenga.

Kenako kunabwera sabata ya kanjedza, yoyamba inu kulibe, lole kulibenso.

Lachisanu masana kunabwera bana Mulenga, mkulu wa amayi a kutchalitchi, ndi anzawo awiri, onse m'zitenje za mpingo. Mukuwadziwa bana Mulenga, koma pali zimene anachita zoti simunazione. Ndiwo anakusambitsani. Ndiwo anakumangani chibwano, n'kukuvekani diresi lanu la buluu, ine manja akukana. Anagona pasimenti m'nyumba muno masiku atatu, ndipo nkhuni za pamaliro zina zinachokera kwawo. Anakhala pakhonde, tinapatsana moni wautali, anafunsa za mimba ya Febe, koma maso awo ali pakona. Kenako anati, "Mwana wanga, chaka chino motoka kulibe. Ba Fada bakamba ati aliyense asakile eka. Manje ise takumbuka mutengo wa bamai bako. Titengeko chabe tung'ono."

Amayi, yankho ndinali nalo. Linali palilime penipeni: imodzi. Koma ndinayang'ana manja awo ali pamaondo, manja amene anagwira thupi lanu, ndipo ndinalephera kuwawerengera. Munthu amene wakusambitsira amako umamuuza bwanji kuti imodzi? Ndinati, "Ndi zanu, amayi. Mudzatenge mawa." Ndinanena mmene timanenera kwa mlendo pomupatsa mbale ya ndiwo, tikudziwa kuti asiyako. Ndinaiwala kuti mlendo amasiyako chifukwa akuona ana akumuyang'ana. Loweruka m'mawa ndinayenera kupita m'tauni kukatsegula belo la zovala, ndiye ndinasiyira Febe mpeni. Febe, mtengwa wa dzulodzulo, ndi mimba yake, kuti akaletse bana Mulenga. Pamenepo musamuimbe mlandu. Ndinathawa ndine.

Nditabwera masana, ndisanalowe n'komwe pampanda, ndinaona thambo pamalo pamene sindinaonepo thambo kuyambira ndili mwana. Anasiya nthambi ziwiri ndi nsonga yapakati. Kanjedza anaima ngati nkhuku yososoledwa imene aiwala kumchira. Pansi anasesa bwinobwino, minga yonse anaunjika pambali kuti isabaye munthu, mpeni anatsuka. Ndinakhala pansi m'fumbi ndi belo langa. Febe anabwera ndi madzi, ndinamuuza kuti palibe kanthu, ndipo aka kanali koyamba kumunamiza.

Mawa lake pabwalo la tchalitchi bana Mulenga anandigwira paphewa, nkhope ili ngwee. "Takusadzilako bwino, ka. Uzaona mwamene uzaphukila. Ni monga lepu, ukaithyola ndiye ibwela bwino." Sankanyoza. Iwo moyo wawo wonse alima lepu ndi chibwabwa kuseri kwa nyumba, ndipo m'dimba mwawo zimenezo n'zoona. Ankakhulupirira kuti andithandiza. Ndinati zikomo, Amayi. Ndinapinda ndi maondo omwe.

Ndiye kanjedza wanu anayenda ulendo, koma osati wa ku Dedza. Anamugawa tizidutswa kuti akwanire, ndipo anayenda m'manja mwa mpingo wonse kuchokera pamsika, kudutsa pa akalipentala, mpaka kutchalitchi. Ine ndinali pakati pawo ndi kasamba kanga, ndikuimba Hosana mano ali gwa. Sindikudziwa ngati Mulungu amalandira Hosana wotere. Koma ndisabise, zinali zokongola. Dzuwa linkawala m'masamba aja, ana akuwagwedeza, ndipo mayi wina wokalamba amene sindimudziwa anati kwa mnzake, "Aka ni ka ba Sesiliya." Mpaka lero ndikalowa m'nyumba za anthu kukapereka zovala, ndimaona kamtanda ka kanjedza wouma katatsomekedwa kuseri kwa chithunzi kapena pamwamba pa chitseko. Inu amene munkati simulowa m'nyumba za eni ake popanda chifukwa, muli m'nyumba iliyonse ya mu Kalingalinga.

Kuzizira kunabwera msanga. Nthambi ziwiri zija zinayamba kuchita chikasu, kunsonga kukupserera. Ndinatenga cholembera n'kujambula mzere umodzi wodutsa pansonga yapakati ndi paphesi la nthambi yoyandikana nayo, kuti nsonga ikakwera mzerewo uduke. M'mawa uliwonse ndisanapite kumsika ndinkasuzumira. Juni yense mzere unali umodzi. Julayi chimodzimodzi. Anthu odutsa ankachepetsa liwiro pampanda, ndipo ndinkawamva osayankhula: Marita wapha mtengo wa amake. Tsiku lina ndinanola mpeni kuti ndichotse zachikasuzo, mwina angaoneke ngati wometedwa dala osati wodwala. Ndinafika poika mpeni paphesi. Ndiye ndinakumbukira masabata anu omaliza, mmene munkandiitana kuti mundiuze kumene kuli makadi a kuchipatala, kaphikidwe ka thobwa la Dominiko, ndani woti ndisadzamubwereke mchere. Munali mutafooka, mtundu utasintha, koma tsiku lililonse munkatisiyira kanthu. Ndinabwezera mpeni m'kabati.

Mwana atabadwa, nyumba inachepa. Mukuidziwa, zipinda ziwiri ndi pabalaza. Dominiko anayamba kuunjika mabuloko, ndipo malo okha oti n'kumangapo chipinda anali pakona paja pa mgolo. Anandipeza ndikuthirira, akuti, "Ba sisi, ichi chimutengo chinafa kudala. Ngati mufuna tichijube pamwamba, chizaphuka monga malubeni." Ankanena mabulosi aja a kumpanda, amene timadula chaka chilichonse n'kuphukanso mwamwano. Ndinamuuza za mtima umodzi. Anati chabwino, ndiye tichichotse. Ndinakana. Tinakhala sabata yathunthu tikupatsana moni ngati anthu a lendi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anaima pakhomo mwana ali m'manja, osakweza mawu, akuti, "Mwana wamoyo azagona kuti, imwe mulonda mutengo wakufa?" Sankalakwa. Tinagwirizana kuti mgolo usamukire kuseri, pafupi ndi mpopi. Si paja munauika mu mgolo kuti uzitha kunyamulidwa?

Koma ndisanalole kuti augwire ndinakaitana a Mbewe, mnzawo wa Atate uja wa kwathu komwe, amene wakalambira m'maluwa a mabwana ku Kabulonga. Akuyenda ndi ndodo tsopano, koma maso akadali akuthwa. Anazungulira mgolo kawiri. Kenako analowetsa dzanja pakati pa minga, n'kugwira nsonga ija ndi zala ziwiri, n'kuikoka pang'ono. Anandiuza pambuyo pake kuti ikanakhala yakufa ikanazuka ngati dzino lovunda. Sinazuke. "Mtima ulipo, mwana wanga," anatero. Ine ndinayamba kumwetulira. Koma iwo sanasekerere. Anapitiriza kuyang'ana, akupukusa mutu. "Zikundidabwitsa. Kanjedza wa mu mgolo ukamumeta chonchi safika Julayi. Dothi lochepa ili silingamusunge. Ameneyu akudya kuti?"

Dominiko anabwera ndi anzake atatu a zitsulo, amuna a mapewa, ndi mapaipi awiri. Anagwira, anawerenga mpaka katatu, ananyamula. Mgolo sunasunthe. Anasekana, wina akuti mnzake sanadye. Anayesanso, mitsempha ya m'khosi ili panja. Unangolira ngati chitseko chakale, osasuntha ngakhale pang'ono. A Mbewe anakweza ndodo n'kunena kuti aleke, achotse kaye njerwa.

Njerwa zija, Amayi. Mizere iwiri yozungulira tsinde la mgolo, imene munkati ndi yoletsa nkhuku kufukula. Imene munkaipaka laimu Khirisimasi iliyonse, ndipo pabwalo ponse tinkasesa ife koma pamenepo munkasesa nokha. Dominiko anachotsa imodzi, kenako ina, kenako anagona chamimba n'kusuzumira. Atadzuka anangoti, "Ba sisi, bwelani muone."

Mgolo unalibe thako. Dzimbiri linadya kalekale, kunangotsala tizidutswa tofiira ngati makoko a mtedza. Ndipo mizu, yonenepa ngati zala za munthu, yambirimbiri, inatsika n'kulowa pansi. Ina inalunjika kumpopi. Ina inalowa kunsi kwa khonde, kulunjika kuchipinda kwanu. A Mbewe anagwada movutikira, anaikhudza, anaseka pang'ono, kenako anavula chipewa. "Iyi si ya chaka chino," anatero. "Kapena chatha. Mtengo uwu unakhazikika kale kuno, zaka khumi zikhoza kukwana." Anyamata a zitsulo anatola mapaipi awo n'kubwerera kuntchito.

Ine ndinawerenga m'mbuyo. Njerwa zija munaziika chaka chimene tinabwera kokaika Atate. Ndikukumbuka ulendo umenewo. Kumudzi anatilandira bwino, koma ankakutchani a ku Zambia. Nyumba ya agogo inali itagwa, munda wanu ukulimidwa ndi ana a achimwene anu, ndipo mutapita kumtsinje kuja munabwerako msanga, mukuti akanjedza onse anadula. Tinabwerera ndi lole yomweyo. Patapita masabata ochepa ndinakupezani mukunyamula njerwa pamutu, ziwiriziwiri, kuchokera kwa anansi amene ankagwetsa chimbudzi.

Amayi, munkadziwa.

Munthu wothirira mtengo tsiku lililonse sangalephere kuona kuti madzi akulowa osatulukira m'mbali. Munaona thako likutha, munaona muzu woyamba ukuboola. Nthawi imeneyo mukanatha kuudula n'kusintha mgolo, Atate anali atasiya wina kuseri. Inu munapita kukatenga njerwa. Ndipo zaka zonsezo munapitiriza kutiuza za tsiku lobwerera kwathu, mbale zili m'katoni, mpaka pakhonde paja munandiuza kuti kanjedza akwere nanu pa lole, mukudziwa bwino lomwe kuti amuna anayi sangamunyamule. Ndaganiza za zimenezi kwambiri pamsika, nthawi imene kulibe ogula. Sindikunena kuti munatinamiza. Mwina pakamwa panazolowera. Mwina munkaopa kuti mukavomera poyera, ndiye kuti mwataya agogo ndi Atate ndi mtsinje uja. Kapena munkafuna zonse ziwiri, kupita ndi kukhala, ndipo mgolo wopanda thako unali njira yokhayo yokhalira nazo zonse. Sindikunenanso kuti mlandu wathu watha. Munapempha, ife tinalephera, zimenezo zikhala choncho. Koma chiyambire tsiku limenelo ndimatha kudutsa pa siteji ya maminibasi a ku Chingwere osatembenuzira nkhope kumbali.

Dominiko mukumudziwa, akakhudzidwa amafuna chogwira. Anatenga tepi n'kuyezanso malo. Chipinda anachisunthira kumbali ya mpanda, chinatuluka chopapatiza moti bedi linalowa chopendekeka, ndipo mabulosi anu awiri anapita. Zenera analiika moyang'ana mtengo. Anafuna kudula mgolo wonse ndi sowo kuti tsinde lipume, koma ndinamuletsa. Ukugwirabe dothi, ndipo nawonso ukutsanzika; udzagwa wokha. Madzulo a tsiku lomwelo ndinamupeza atagwada akubwezera njerwa, iliyonse pamalo pake, mbali ya laimu kunja. Ndinamufunsa kuti akuvutikiranji, popeza nkhuku tilibenso. Anati, osadzutsa mutu, "Kuti amai basazibe kuti taziba." Ndiye ngati mukumana naye m'maloto musamuuze kuti ndakulemberani.

Mzere wanga unaduka mu Okutobala, kukutentha. Poyamba ndinayesa maso anga. Mawa lake unali utasiyana ngati chikhadabo, sabata yotsatira ngati zala ziwiri. Mvula yoyamba itagwa nsonga inatambasuka, nthambi yaifupi, yopindika pang'ono ngati mwana wobadwa movutikira, koma yobiriwira. Ina ikubwera pambuyo pake. Ziwiri zakale zija zinapirira mpaka mng'ono wawo atatsegula masamba, kenako zinafiira n'kugwetsa mitu. Ndazidula Loweruka lapitali, m'mawa, ndi mpeni wonola. Ndinasiya kachitsa kotalika ngati chala. Pepa ndinanena, ngakhale kwa youma simunkanena.

Kwa bana Mulenga ndinapitako ndekha, ndisanadikire kuti sabata ya kanjedza indipezenso ndili ndi manyazi. Ndinawatengera bulauzi yabwino ya m'belo, ndinakhala pansi, ndinazungulira nkhani mpaka tiyi anazizira, kenako ndinanena kuti chaka chikubwerachi mtengo sungapereke kanthu, ndipo zaka zotsatira udzapereka imodzi. Ndinawafotokozera kuti si lepu. Anawomba m'manja kamodzi. "Iwe mwana, nanga sunakambe chifukwa chani? Bamai bako benzotiuza pamaso ati imozi, na mpeni benzogwila beka." Miyezi isanu ndi itatu ya kusowa mtendere, Amayi, chifukwa cha mawu amodzi amene iwo anali okonzeka kuwamva. Akuti auza amuna a mumpingo ayambiretu kufunafuna galimoto ya ku Chongwe.

Chomaliza, ndipo ndi chimene chandilimbitsa mtima kuti kalata ino isapite ku mbaula. M'munsi mwa tsinde, mbali ya kuzenera la mdzukulu wanu, mwatuluka kamphukira. Ndi kakang'ono, masamba atatu, msinkhu womwe uja wa kamene munabwera nako m'chiguduli. Ndinafuna kukachotsa nthawi yomweyo, koma a Mbewe akuti ndidikire mpaka kakhale ndi mizu yakeyake, mwina mvula ya chaka chamawa. Ndidikira. Kudikira ndiye ndaphunzira. Kakadzakhwima ndidzakafungatira pamiyendo m'minibasi mpaka ku Chingwere, n'kukabzala kumutu kwanu monga munanenera. Chitini sindidzatenga. Ndidzakumba pansi, ndipo ngati muli ndi mawu pa zimenezo, munali ndi zaka khumi zoti muwanene.

Mbale zija ndazitulutsa m'katoni. Tidyeramo pa Khirisimasi. Imodzi inali yosweka kale m'nyuzipepala momwemo, sitikudziwa kuyambira liti.

Mupereke moni kwa Atate. Ndikhulupirira kuti kumeneko kulibe chipata cha malire, ndiye mwina munafika kale kwa iwo popanda lole. Muwauze kuti mtengo uja uli pansi monga ankafunira, koma musawalole kuti anyade kwambiri. Amayi aang'ono adzuka, ndikuwamva akuyamba kudandaula, ndipo Febe ali kumpopi.

Ndimakukondani, ndipo mpeni ndizigwira ndekha.

Mwana wanu,
Marita